Kuonetsa Apongozi Boma la Fort Jameson

Ndinakwatira m'zaka za nkhondo, nthawi imene malole a asilikali ankadutsa mu Fort Jameson, tauni imene lero mukuitcha Chipata. Ife tinkangoti ku Boma. Ndinali telala. Makina anga ankakhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina, ndipo ndinkasoka akabudula, malaya ndi madiresi a azimayi a ku mishoni. Kwathu ndi ku Mtenguleni, ndine Mngoni, ndipo kwathu ng'ombe zikapita mkazi amatsata mwamuna. Koma atate anamwalira khola lili pululu, ndipo mtsikana amene mtima wanga unagwerapo anali Mchewa. Basi, ndinalowa chikamwini.

Chikamwini ndi ntchito ya kutauni sizimwerana madzi. Loweruka masana ndinkavundikira makina, n'kupalasa njinga yobwereka mpaka kumudzi kwa mkazi wanga, kumene ndinkapeza khasu likundidikira pakhomo. Lolemba tambala woyamba ndinkabwerera ku Boma, mikono ili lendee. Ndinapirira mvula ziwiri. Kenaka ndinatuma ankhoswe kuti akapemphe chitengwa, ndimutenge mkazi wanga tikakhale ku Kapata kumene ndinali ndi kanyumba. Amalume ake sanavute. Anati iwo alibe mawu, koma mwanayo ndi mmodzi yekha kwa amake, ndiye amakewo akakana palibe angawapinde.

Ndipo anakanadi. Mawu awo anandipeza kudzera kwa mkazi wanga, osachotsako ngakhale limodzi.

"Amama akuti ku Bomako amuna akuluakulu a imvi amatchedwa anyamata, ndipo amamenyedwa makofi pamaso pa akazi awo, iwo n'kumavula chipewa. Akuti munthu wotere angatchinjirize bwanji mwana wa mwini?"

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma mkamwini asamakule mwendo, ndinameza. Patapita milungu ingapo mkazi wanga anabwera ndi mawu ena. Amake anali atanena kuti zakumva zimapweteka mutu, akufuna akalione okha Bomalo. Likawakomera amulola mwana. Likapanda kuwakomera, nkhani ya chitengwa isadzatchulidwenso pakhomo pawo.

Ndinavomera msangamsanga, ndipo ndinazindikira pambuyo pake kuti ndadzikolezera moto. Inu ana a masiku ano mumakhala mpando umodzi ndi apongozi anu, n'kumalandizana kapu ya tiyi. Nthawi imeneyo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana, sankalankhulana, sankadyera pamodzi. Mukakumana panjira, amene wayamba kuona mnzake ankapatukira patchire, kaya pali chitedze kaya minga. Ine apongozi anga ndinkawadziwa bwino mawu ndi zidendene. Nkhope yawo ndinkangoiba ndi diso limodzi, ali kutali. Tsono munthu ameneyu ndiye ndinayenera kumuyendetsa tsiku lathunthu m'tauni yodzaza anthu, ndi kumuonetsa zokoma zake.

Musaganize kuti anali nkhalamba yogwira ndodo. Anali mayi wamtali, wa mphini m'masaya, woyenda mothamanga, wa pakamwa pakuthwa. Tsikulo anavala nsalu yawo ya biriwita imene ankasungira maliro ndi maukwati. Tinanyamuka kusanatenthe, ine patsogolo, mkazi wanga pakati, iwo pambuyo. Mawu ankayenda momwemonso, kuchoka kwa ine kupita kwa mkazi wanga, kuchoka kwa iye kupita kwa amake, n'kubwerera njira yomweyo, ngakhale tonse atatu tinkamvana bwinobwino.

Titatulukira pampata wa mapiri, Boma lonse linaoneka pansi, malata akunyezimira pakati pa mitengo. Ndinaima, n'kutambasula dzanja ngati ndinalimanga ndine.

"Auze amayi kuti Boma lija ndi limeneli."

"Amama, akuti Boma lija ndi limeneli."

"Uwauze amuna ako kuti maso ndili nawo."

Umu ndi mmene tinayambira. Inali nyengo ya fodya, ndipo msewu unali wosapondeka. Ngolo za ng'ombe zodzaza mabelo zinkatsikira m'tauni kuchokera ku mafamu a Azungu, oyendetsa akuliza zikwapu, njinga zikuliza mabelu, azimayi atasenza madengu a nthochi ndi nzimbe. Ndinayamba ndi kumsika. Ndinawaonetsa nsomba zouma zochokera kuchigwa, mchere woyera wa mbee, makasu a kwa Azungu, mikanda ya mitundumitundu. Pa chilichonse anali ndi yankho. Nsomba anati n'zakale, mchere anati sungapose chidulo pa therere, makasu anati ndi opepuka, oyenera anthu aulesi. Koma ndinkamva kuti mapazi awo akuchedwa kuchoka pa mikanda paja, ndipo mtima wanga unayamba kukhazikika.

Pampopi ndiye anagonja, ngakhale sanavomere. Anamuuza mwana wawo kuti atsegule, kenaka atseke, kenaka atsegulenso, mpaka azimayi amene anali pamzera ndi ndowa anayamba kung'ung'udza. Anafunsa kuti amene amathira madziwo kumbali inayo ndani, ndipo amagona nthawi yanji. Ndinalongosola za thanki ndi mapaipi, nditayang'ana mtengo wa mango. Iwo anangoti, "Uwauze amuna ako kuti madzi osaona dzuwa sindiwakhulupirira," atatero anamwa manja awiri odzaza.

Tinatsikira ku masitolo a Amwenye, kumene fungo la sopo, palafini ndi zokometsera ndiwo linkakupeza uli pamsewu. Nsalu zinali zitapachikidwa m'makonde monse. Apa ndiye panali pamtima pa ulendo wanga. Ndinavundukula makina anga, ndinakhala, ndinatenga kansalu kotsala n'kuyamba kupalasa. Makina analira bwino tsiku limenelo kuposa masiku onse. Apongozi anaima kuseri kwa nsanamira, nsalu atakokera kumaso, ndipo ndinkadziwa kuti akusuzumira. Posakhalitsa ndinadula ulusi n'kumupatsa mkazi wanga kathumba kosungira fodya wa m'mphuno, kuti awapatsire. Anakatembenuza, anakoka msoko kuti aone ngati ungatotoke. Sunatotoke.

"Uwauze amuna ako kuti mwendo ukupalasa apowo ukanakhala m'munda, bwenzi nkhokwe zili ziwiri."

Anzanga a pakhonde anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinaseka nawo, mano okha. Koma kathumbako anakamanga kunsonga ya nsalu.

Kuchoka apo tinakwera kumaofesi. Apongozi anaona mbendera pamtengo wautali, amesenjala a zipewa zofiira ataima ndii, akaidi akutchetcha udzu ndi mlonda wa mfuti. Lipenga litalira, anafunsa kuti wamwalira ndani. Anaona tchalitchi cha njerwa cha Azungu, ndipo anadabwa kuti nyumba ya Mulungu yaikulu chotere ikhala bwanji yotseka masana. Galimoto itadutsa, sanathawe ngati mmene ndinkayembekezera. Anaima, naiperekeza ndi maso mpaka inakhota.

Zonse zinkayenda bwino mpaka tinafika pamphambano pafupi ndi positi. Ngolo ina inali itatsekereza njira, ng'ombe imodzi itagona pansi chifukwa cha kutopa. Mzungu wina anatsika m'galimoto yake n'kuyamba kumukalipira woyendetsa ngoloyo, bambo wa imvi, msinkhu wa atate anga. Anamutcha mnyamata, anamutukwana, anamukankha paphewa. Bambo uja anavula chipewa, nachigwira ndi manja awiri pachifuwa. Ndinafulumiza miyendo kuti tidutse, koma kumbuyo kwanga mapazi anali ataima. Ndinadikira mawu akuti "uwauze amuna ako." Sanabwere. Kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa chipongwe chonse cha m'mawa uja.

Masana ndinawagulira zitumbuwa ndi thobwa, n'kuwasiya pansi pa mtengo. Ine ndinakadyera kuseri kwa mpanda, nditaimirira. Ndinkaona kuti mlandu ndaluza. Ndinaganiza zongowabweza kumudzi, koma mkazi wanga anabwera kudzandiuza kuti amake akufuna kuona masitolo a Azungu. Anali atamva kuti kuli nyumba ya khoma lagalasi, kuti munthu umaona za m'kati uli panja.

Kumeneko sindinkakukonda. M'masitolo amenewo munthu wakuda sankalowa pakhomo. Ukafuna kugula unkazungulira kumbali, n'kuima pamzera pa kawindo, n'kulandira chimene akupatsa osachisankha. Izi sindinawauze apongozi, chifukwa sitinkapita kukagula. Ndinati tingodutsa pamsewu, aone galasilo, tizipita.

Tili kutsogolo kwa sitolo yaikulu ija, kunamveka kulindima. Anali malole a asilikali, mdipiti wautali, akuthamanga ngati msewu ndi wawo okha. Anthu anabalalika. Fumbi linakwera kobo, ndipo aliyense analumphira pamene akanatha. Ine ndinapezeka pakhonde la sitoloyo, ndikutsokomola. Mkazi wanga, ndinamva pambuyo pake, anakankhidwira kutsidya kwa msewu. Ndinatembenuka kuti ndiwafunefune, ndikuyenda m'khondemo, ndipo pamene fumbi linayamba kutsika ndinangoona ndaima maso ndi maso ndi apongozi anga, pafupi moti ndikanatha kuwerenga mphini zawo.

Kumudzi aliyense wa ife akanadziwa chochita. Koma apa tchire kunalibe. Mbali imodzi kunali malole, mbali inayo khoma. Ine ndinauma. Iwo anakokera nsalu kumaso n'kupatuka monga mwa mwambo, ndipo mpata umene unalipo unali umodzi wokha, khomo la sitolo.

Ndinasuzumira. Apongozi anali pakati pa sitolo, pansi popukutidwa mpaka kuwala, ndipo anali atazindikira kuti alowa m'nyumba ya eni. Anachita chimene mlendo woleredwa bwino amachita. Anakhala pansi, anatambalala miyendo, nawomba m'manja.

"Odi kuno, eni nyumba."

Dona wina amene ankasankha zitini anabwerera m'mbuyo atagwira dengu lake. Mzungu mwini sitolo anadzutsa mutu kuseri kwa kauntala, naitana kapitawo wake. Kapitawoyo, mwamuna wojintcha wa ndevu, anatulukira kumbuyo atagwira chikoti, akulunjika pamene panali apongozi.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinangoona ndalowa. Pakhomo limenelo ndinali nditadutsa zaka zambiri osaponyamo phazi. Ndinavula chipewa, osati chifukwa cha Mzungu, koma chifukwa apongozi anali pansi. Ndinaima pakati pa iwo ndi kapitawo, msana kwa iwo, nkhope kwa iye.

"Mkulu wanga, chikoticho chiyambire pa ine."

"Wapenga iwe? Chotsa mayi wakoyu msanga, usatiputire mlandu."

"Sindingawagwire, sindingawalankhule. Ndi apongozi anga."

Anaima, chikoti chili m'mwamba. Anandiyang'ana, anasuzumira kumbuyo kwanga.

"Apongozi enieni?"

"Obala mkazi wanga."

Chikoti chinatsika pang'onopang'ono. Nayenso anali munthu wokwatira. Anabwerera phazi limodzi, nayamba kumulongosolera bwana wake m'Chingerezi chothyokathyoka, koma Mzunguyo sanadikire kuti amalize. Anazungulira kauntala, nkhope ili psuu, n'kundigwira malaya pakhosi. Anakoka kuti andichotse. Batani linadumpha n'kugubuduka pansi. Koma munda wa apongozi, umene ndinkautemberera Loweruka lililonse, unali utandilimbitsa miyendo. Sindinasunthe. Manja ndinawapinda kumbuyo, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangomukhudza ndikagona kundende. Ndinamuyang'ana m'maso, ndipo ndinasonkhanitsa Chingerezi chonse chimene ndinali nacho. Ndinamuuza kuti awa ndi amayi anga, atuluka okha, koma asawakhudze munthu.

Anatukula dzanja linalo. Ndinaliona, ndipo ndinali wokonzeka kulilandira nditaima pomwepo. Mantha ndinali nawo, ndisaname. Koma mkwiyo unali waukulu kuposa mantha. Pakhomo panali patada ndi anthu. Onse amene anali pamzera wa pakawindo anali atazungulira, pamodzi ndi ena a pamsewu, ndipo anaima zii, akungopenya. Mzunguyo anawayang'ana, anayang'ana dona uja, anandiyang'ananso ine. Dzanja linakhala m'mwamba kanthawi, kenaka linapita kukakanda kumutu. Anandisiya malaya. Anamuuza kapitawo kuti mayiyo atuluke mwamsanga, iye nabwerera kuseri kwa kauntala n'kuyamba kusuntha zitini zimene zinali kale pamalo pake.

Apo n'kuti mkazi wanga atadzipanikiza pakati pa anthu mpaka pakhomo. Ndinalankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Auze amayi kuti akatha kuona, khomo ndi lomwe analowerali."

"Amama, akuti mukatha kuona, khomo ndi lomweli."

Kumbuyo kwanga ndinamva mawu aja, osanjenjemera n'komwe.

"Uwauze amuna ako kuti sindinathe."

Kapitawo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ine ndinaluma mlomo. Ndinaima pomwepo, ndipo apongozi anga anaiona sitolo ya Azungu modekha, kuyambira pansi mpaka kudenga. Sindinkawaona, koma ndinkamva. Anafunsa mwana wawo, ali pakhomo pomwepo, kuti nsapato zonsezo eni ake ali kuti. Anafunsa ngati m'zitinimo muli ndiwo kapena mankhwala. Kenaka ndinamva akudzuka, mapazi akupita cha kumene kunali kalilole wamkulu wotalika ngati munthu. Mkazi wanga anandiuza pambuyo pake kuti anaima patsogolo pake, anadziyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anakonza nsalu paphewa, n'kugwedeza mutu movomereza. Atatero anawombera m'manja mwini sitolo.

"Zikomo, taona nawo."

Anatuluka pakhomo lalikulu mosafulumira, anthu akupatuka. Mayi wina anayamba nthungululu, mnzake n'kumutseka pakamwa. Ine sindikanatha kutembenuka apongozi asanapite patali, choncho ndinatuluka chambuyo, maso ali pa Mzungu. Mwina iye anayesa ulemu. Zake zimenezo.

Ndinkayembekeza kumva mluzu wa apolisi, koma palibe anatitsata. Amuna awiri osawadziwa anandigwira chanza. Tinayambanso kuyenda monga kale, ine patsogolo, mkazi wanga pakati, iwo pambuyo, koma tsopano ndinkayenda pakati pa msewu, malaya ali pululu pakhosi, ndipo ndinkamva ngati Boma lonse ndi la atate anga.

Tinathera ku Kapata. M'nyumba ya mkamwini sakanalowa, ndiye anangoizungulira. Anagogoda khoma, anayang'ana denga, anafunsa kumene anthu amataya zinyalala ndi kumene amatola nkhuni. Anacheza pang'ono ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo, motsitsa mawu. Za m'sitolo sanatchule. Za chitengwa sanatchule. Chimwemwe changa chinayamba kuphwa, chifukwa ndinakumbukira kuti chimene ankachiopa anachiona ndi maso kawiri tsiku limodzi, ndipo kachiwiriko dzanja la Mzungu linali pakhosi pa mkamwini wawo.

Dzuwa litapendeka tinayamba ulendo wobwerera. Potuluka m'tauni tinapeza azimayi a m'mudzi mwawo atapuma pansi pa mkuyu, madengu ali opanda kanthu, akuchokera kumsika. Apongozi anakhala pamuzu, atandifulatira. Ine ndinanjuta chapatali, m'mbali mwa msewu. Anatulutsa fodya, ananunkhiza, anayetsemula, kenaka anamuitana mwana wawo.

"Uwauze amuna ako kuti Boma lawo ndaliona. Ndi loipa monga ndinamvera. Fumbi, phokoso, anthu osadziwa kulandira mlendo. Ine sindingagonemo ngakhale usiku umodzi."

Mkazi wanga sanabwereze. Anangoweramitsa mutu. Ine ndinayang'ana pansi, ndikuona nyerere zikukoka kachiwala, ndipo mtima unandiwawa kwambiri.

"Uwauzenso kuti nkhope yawo sindiidziwa, ndipo sindikuifuna. Koma msana wawo ndauona lero, ndauona nthawi yaitali. Iwe ukhala kuseri kwa msana umenewo. Ine ndipita ndi anzangawa. Mphasa, mtondo ndi miphika yako abweretsa amalume ako."

"Amama, lero lomwe?"

"Ukufuna ndisinthe maganizo panjira?"

Ndinagwada m'fumbi momwemo n'kuyamba kuwomba m'manja. Iwo anadzuka, anasasa nsalu, anamugwira mwana wawo kumutu kamodzi, n'kulowa pakati pa azimayi aja. Sanacheuke. Ndinapitiriza kuwomba mpaka nsalu ya biriwita inazimiririka pampata wa mapiri, manja akuchita kuwawa, ndipo ndinkaseka ndekha ngati wamisala.

Mkazi wanga analira kanthawi ataima pamsewu. Kenaka anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, anandiyang'ana pakhosi pamene panachoka batani, nati, "Dzukani, bambo, tiyeni kwathu." Ndipo anatembenukira ku Kapata.